Momwe mungaphunzitsire jini ya MARK ndi bango, malegeni ndi zitsekerero za mabotolo

Mukajambula selo pa bolodi, ana amaiona ngati thumba la madzi momwe tinthu tikungoyandama. Koma mkati mwake muli timapaipi totchedwa microtubule, tomwe timaimiritsa selo ngati mizati ndiponso timakhala misewu yodutsamo katundu. Aphunzitsi anzanga a Biology kuno ku Salima, musadandaule kuti labu mulibe. Bango lokha likwanira kuphunzitsira jini ya MARK, yomwe imapanga puloteni ya dzina lomwelo yomasula timapaipi timeneti.

Tumani ana a ku Senga Bay kapena kufupi ndi dambo adule mabango 13 owongoka, otalika kuyambira pachigongono kufika kunsonga ya zala. Pezaninso nsungwi imodzi yonenepa, makala, choko, malegeni a chubu cha njinga, ulusi ndi zitsekerero za mabotolo.

Choyamba, bango lililonse lilembedwe mabanga osinthanasinthana, la makala, la choko, la makala, mpaka kumapeto. Lakuda ndi alpha-tubulin, loyera ndi beta-tubulin, mapuloteni omwe amapanga microtubule, ndipo awiriwa amayenda limodzi nthawi zonse. Nambala 13 sitinaitole pamsewu ayi: microtubule yambiri ya m'maselo a nyama imakhala ndi mizere 13 yozungulira, yosiya bowo pakati. Kunenepa kwake ndi pafupifupi ma nanometer 25 (milimita imodzi ili ndi ma nanometer miliyoni imodzi).

Kenako ana awiri agwire mabangowo mozungulira nsungwi, wachitatu amange ndi malegeni atatu kapena anayi. Sololani nsungwi pang'onopang'ono. Musamange mothina kwambiri, bango limaphwanyika. Ine chaka china ndinaononga mtolo wonse ana akundiseka. Malegeni amenewa ndiye puloteni yotchedwa tau, yomwe imapezeka kwambiri m'maselo a ubongo. Auzeni ana chilungamo: tau weniweni sakulunga paipi ngati lamba, amamatirira panja pake motsata mizere. Ntchito ndi imodzimodzi, kuti paipi isamasuke.

Apa ndi pomwe phunziro limakoma, choncho musathamange. Boolani zitsekerero zitatu, muzitunge pa ulusi. Imeneyo ndi ATP, yonyamula mphamvu m'selo, ndipo chitsekerero chilichonse ndi phosphate. Sankhani mwana wochangamuka, mumupachike pepala lolembedwa MARK. Iyeyu ndi kinase, enzyme yomwe ntchito yake ndi kuchotsa phosphate yakumapeto pa ATP nkuimata pa puloteni ina. Achotse chitsekerero chimodzi, achilowetse pansi pa legeni. Lamulo la masewerawa ndi loti legeni lolandira chitsekerero limasulidwe pomwepo. Chifukwa chake nchakuti tau amamatirira pa microtubule kwakukulu kaamba ka chaji: iye ali ndi positive pamalo ogwirira, paipi ili ndi negative kunja. Phosphate ndi ya negative, ndiye ikangomatidwa pa malo a tau otchedwa serine 262, tau amataya mphamvu yogwira nkuchoka.

Muuzeni MARK amasule legeni limodzi lokha. Paipi ikhalabe chilili, koma nsonga imodzi iyamba kugwedera. Zimenezi si ngozi. Selo yomwe ikukula kapena kusintha maonekedwe imafuna kuti timapaipi tina tiphwasuke, tina timangidwe. Itanani mwana wina akhale phosphatase, enzyme yochotsa phosphate: atulutse chitsekerero, amangenso legeni. Awiriwa alimbane kwa mphindi ziwiri, wina akumasula, wina akumanga.

Tsopano mkhazikeni pansi phosphatase, muitane a MARK ena atatu. Mabango onse ambwee pansi.

Ndi nthawi imeneyi yoti muwauze za khoswe. Mu 1997, Gerard Drewes ndi anzake a mu labu ya Eckhard ndi Eva-Maria Mandelkow ku Hamburg anafalitsa mu magazini ya Cell kuti apeza majini awiri, MARK1 ndi MARK2, kuchokera mu ubongo wa khoswe. Ana adzafunsa ngati ndi mbewa zogulitsa pa mpani zija. Ayi, ndi makoswe oweta mu labu. Atalowetsa majiniwo m'maselo oweta m'mbale kuti apange MARK wochuluka, ma microtubule anasweka, maselo nkutaya maonekedwe awo, kenako kufa. Ndi zija zangochitika pa simenti ya m'kalasi. Ife anthu tili ndi majini anayi otere, MARK1 mpaka MARK4.

Pomaliza tolani malegeni omasuka aja, muwapinde nkukhala chinthu chopiringizana. Mu ubongo wa munthu wodwala Alzheimer, matenda omwe Alois Alzheimer anawafotokoza mu 1906, tau wodzala phosphate amaunjikana chonchi m'maselo. Musanene kuti MARK ndiye amayambitsa matendawa, pakuti ma kinase omata phosphate pa tau alipo angapo. Koma nenani mosabisa kuti agogo amene aiwala njira yakwawo nkumayendayenda usiku akhoza kukhala kuti akudwala ubongo, si mfiti.

Mabango aumikeni padzuwa, muwasunge pamwamba kuopa chiswe. Adzagwiranso ntchito pophunzitsa kugawanika kwa selo, chifukwa ulusi wokoka ma chromosome nawonso ndi microtubule.