Mwagula Chinthu Chakale pa Intaneti, Chafika Chili ndi Vuto: Muyambire Pati?

Chaka chatha ndinagula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito kwa munthu wina amene ankaitsatsa pa intaneti. Iye analemba kuti ilibe vuto lililonse ndipo batire limakhala maola 4. Itafika ndinaichaja usiku wonse. M'mawa nditangoizula pamagetsi, inazima pasanathe mphindi 10. Mtima unandiwawa kwambiri, moti ndinayamba kumulembera uthenga waukali. Ndinaufufuta ndisanautumize, ndipo zimenezi zinandithandiza kuti nkhaniyi ithe bwino.

Musanalankhule ndi wogulitsa, sonkhanitsani umboni. Jambulani tsamba limene anatsatsapo chinthucho tsiku lomwelo, mawu ake onse ndi zithunzi zake, chifukwa ena akangomva dandaulo amafufuta kapena kusintha zimene analemba. Sungani mauthenga amene munatumizirana komanso risiti ya malipiro. Kenako jambulani vidiyo imodzi yosadukiza yosonyeza vutolo pamodzi ndi nambala ya chipangizocho. Pa foni, imbani *#06# ndipo nambala yapadera ya foniyo, yotchedwa IMEI, ituluka. Pa laputopu, nambalayo nthawi zambiri imakhala kunsi kwake. Ngati ndi ya Windows, lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt (pulogalamu ya mu Windows yolembamo malangizo opatsa kompyuta), ikupatsani lipoti losonyeza mphamvu imene batire linali nayo likuchoka kufakitale ndi imene latsala nayo. Lipoti limeneli ndi limene linandiimira pa nkhani yanga.

Chonde musapite nacho kwa wokonza. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuti chinthu chingoyamba kugwira ntchito, koma akangochitsegula, wogulitsa wapeza pothawira. Adzanena kuti mwachiwononga nokha, ndipo mudzasowa choyankha.

Dzifunseninso moona mtima ngati mwalakwiridwadi. Chinthu chakale chimakhala ndi zipsera zake. Kukandika pang'ono kapena mabatani ofufutika zilembo si nkhani yoti mubwezere katundu, makamaka ngati zinkaoneka pazithunzi. Mlandu wanu umalimba pamene zimene mwalandira zikusiyana ndi zimene analemba. Iye anati maola 4, ine ndinapeza mphindi 10. Mfundo yanga yonse inali yomweyo basi.

Mukamamulembera, lembani pamalo omwe munagulirapo, kuti eni tsambalo adzathe kuwerenga ngati nkhani yakula. Uthenga wanga unali waufupi. Ndinamupatsa moni mwaulemu, ndinamukumbutsa mawu ake, ndinatumiza vidiyo ndi lipoti lija, kenako ndinamupatsa njira ziwiri: ndimubwezere laputopu andibwezere ndalama zonse, kapena andibwezere zokwanira kugula batire latsopano. Ndinamupempha ayankhe pasanathe masiku 3. Sindinamutche wakuba. Ena amagulitsa chinthu chimene chakhala m'kabati miyezi yambiri osadziwa kuti chinafa, ndipo munthu amene simunamutukwane savuta kukambirana naye. Akakuimbirani foni, mukamaliza mulembereni zimene mwagwirizana, kuti zisathere m'malere.

Samalani kwambiri ndi nthawi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaluzira. Pa eBay, tsamba la pa intaneti logulitsirapo malonda, muli ndi masiku 30 kuchokera pamene katundu wafika kuti mudandaule, ndipo wogulitsa akapanda kukonza nkhaniyo m'masiku 3 ogwira ntchito mukhoza kupempha eBay kuti ilowererepo. Masamba ena ali ndi malire awoawo, choncho werengani malamulo ake tsiku loyamba lomwelo. Wogulitsa wochenjera amangoti "mawa ndikutumizirani," mawa lina, mawa linanso, mpaka masiku atha. Tsegulani dandaulo ngakhale mukukambirana bwinobwino. Ndipo musalitseke ndalama zisanalowe. Pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, dandaulo lotsekedwa silitsegulidwanso, komanso ndalama zotumizidwa kudzera pa Friends and Family (njira ya PayPal yotumizira ndalama kwa abale ndi anzanu) sizitetezedwa ngati zogulira katundu. Ngati munalipira ndi khadi, funsani kubanki kwanu za chargeback, yomwe ndi njira yoti banki ikufunireni ndalama zanu, ndipo chitani zimenezi msanga chifukwa nayonso ili ndi malire a nthawi.

Ngati mwagwirizana zobweza, tulukani mu akaunti zanu zonse, fufutani zanu zonse, jambulani vidiyo mukulongedza, ndipo tumizani m'njira yokhala ndi nambala yolondolera katundu. Popanda nambalayo, akhoza kunena kuti sanalandire kanthu. Mugwirizanenso molemba kuti ndani alipira zotumizira.

Kwa ine, munthuyo anakhala chete masiku awiri. Tsiku lachitatu anayankha kuti laputopuyo ankangoigwiritsa ntchito ili pamagetsi, ndipo anasankha kundibwezera ndalama za batire. Nditaona kuti zalowa, m'pamene ndinatseka dandaulo limene ndinatsegula patsambalo n'kupita nayo kwa wokonza kuti aike batire latsopano.