Difu yangokonzedwa kumene koma ikulira? Yambani ndi khutu, sipanala pambuyo

Mwatulutsa Hiace kapena Hilux yanu ku garaja ku Biwi mu Lilongwe, difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo) yamangidwanso, ndalama zapita, koma mutangolowa mu tala kumbuyo kukumveka wuuu. Zimawawa. Komabe musathamangire kumasula, chifukwa nthawi imene phokoso likubwera ndi imene imaulula chavuta.

Choyamba onani oyilo wa mu difu. Galimoto ili pamalo osatsetsereka, masulani pulagi yothirira, pisani chala: oyilo azifika pakamwa pa bowolo. Akhale oyilo wa magiya wa mtundu wa GL-5, monga 80W-90. Kafumbi kosalala kachitsulo pa maginito a pulagi yapansi yotulutsira oyilo si koopsa, koma tizibenthu togwirika ndi zala tikutanthauza kuti galimoto iime pomwepo.

Kenako pitani pa msewu wa Bypass m'mamawa magalimoto asanachuluke, wailesi yozimitsa, mnzanu atakhala kumbuyo kumvetsera. Phokoso likamveka mukaponda moto, n'kusiya mukachotsa phazi, kawirikawiri mano a krauni ndi pinyoni (giya yaikulu ya mu difu ndi yaing'ono yoizungulitsa) sakulumana pamalo pake. Likalira mukachotsa phazi galimoto ikungoyenda yokha, kayikirani mabeyaringi a pinyoni kuti sanamangidwe mokwanira. Apa pali chizolowezi chimene ine ndimadana nacho: kubwezera sipesa yakale, kapaipi ka pakati pa mabeyaringi a pinyoni kamene kamafinyika nati ikamangidwa. Ikafinyika kamodzi yatha ntchito, pafunika yatsopano.

Khu! posintha giya kapena ponyamuka ndiye kuti mpata wa pakati pa mano wakula, ngakhale kolosi (cholumikizira chooneka ngati mtanda) yotha ya propushafuti, mtanda wachitsulo wochoka ku giyabokosi kupita ku difu, imagogodanso chimodzimodzi, choncho igwedezeni ndi dzanja kaye. Gugugu wobwera pokhota pokha kawirikawiri amachokera ku timagiya tating'ono tam'kati mwa difu. Mkokomo wosintha mukapotoza chiwongolero uku ndi uku ndi wa beyaringi ya tayala, difu ilibe mlandu.

Mukabwerera ku garaja, afotokozereni amakaniko mwaulemu zimene mwamva, ndipo pemphani kuti ayeze inu mukuona. Mpata wa mano amayeza ndi dial gauge, kachipangizo kooneka ngati wotchi, osati kungogwedeza ndi dzanja. Pa madifu ambiri a Toyota umakhala pakati pa 0.13 ndi 0.18 mm. Kenako apake utoto woyezera pa mano angapo a krauni, azungulitse uku ndi uku. Pamene utoto wafufutika pazikhala chapakati pa dzino. Pakakhala kunsonga kapena kutsinde, pinyoni isunthidwe ndi mashimu (timawashala topyapyala), ayezenso, mpaka pakhale bwino. Ntchitoyi imadya nthawi, musawafulumizitse.

Funsaninso ngati krauni ndi pinyoni zinachokera mu difu imodzi. Ziwirizi zimapangidwa ngati banja, ndipo zosakaniza za magalimoto awiri zimalira ngakhale mmisiri achite bwanji.

Zikakonzedwa, makilomita 800 oyamba musasenzetse matumba a chimanga kapena simenti, kenako sinthani oyilo. Ndipo bwererani msanga phokoso likangoyamba, chifukwa mano akadyana molakwika kwa milungu ingapo salekanso kulira, mugula ena.