Pulojekiti ikabwera m'mudzi tiziyiyeza ndi chani?

Izi ndikulembera makamaka a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi), a ADC (komiti ya chitukuko cha dera la mfumu yaikulu), alimi otsogolera ndi makomiti a makalabu kuno ku Mulanje ndi anzathu aku Thyolo uko. Mabungwe akamatumiza anthu odzaunika ntchito zawo, ambiri a ife tikangoona galimoto yoyera yaima pa sukulu timathamangira nyimbo ndi nthungululu, kenako "zonse zili bwino bwana" basi alendo nkumapita. Koma alendo aja amabwera ndi miyeso yawo, ndipo miyeso yomweyo ifenso titha kuyigwiritsa ntchito, osadikira kuti pulojekiti ithe kaye.

Miyeso yomwe mabungwe ambiri akunja amatsata inakhazikitsidwa ndi komiti ya DAC, yoona za thandizo la chitukuko, ya bungwe la maiko la zachuma ndi chitukuko la OECD, lomwe likulu lake lili ku Paris. Mu 1991 inali isanu, mu 2019 anawonjezerapo umodzi. Amafunsa ngati ntchitoyo ikuyankha vuto lenileni la anthu, ngati ikugwirizana ndi zina zomwe zikuchitika kale m'deralo, ngati yakwaniritsa zomwe inalonjeza, ngati ndalama zayenda bwino, chomwe chasintha pa moyo wa anthu, komanso ngati zinthuzo zipitilire eni ndalama akachoka.

Funso loyambalo musamalidumphe chifukwa chamanyazi. Kuyambira 1998 pomwe lamulo la maboma ang'ono linabwera, chitukuko chimayenera kuyambira mu pulani ya mudzi, VAP ija, kukwera ku ADC mpaka ku khonsolo. Ndiye bungwe likabwera tsegulani VAP yanu pamaso pawo, zomwe abweretsazo zilimo? Kwathu kuno malo ndi ochepa, timinda tathu tapanikizika pakati pa ma esiteti a tiyi ndi phiri. Ng'ombe ya mkaka ndi yabwino zedi kwa munthu wa ku Bvumbwe amene ali pafupi ndi posonkhanitsira mkaka, koma kumupatsa mayi amene alibe pobzala nsenjere, madzi akutunga kutali, mkaka akaukama palibe koperekera usanasase, mwamupatsa ntchito ya ulele ndi ngongole ya mankhwala. Kukana kapena kupempha kuti asinthe sikunyoza thandizo ayi. Ngakhale mgwirizano wa ku Paris wa 2005 umati maiko olandira thandizo ndi amene azitsogolera, opereka azitsata mapulani a eni dziko.

Funsaninso ngati abungwewo anadutsira ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe ku boma, komanso ngati analembetsa ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma. Zimaoneka ngati zamaofesi koma zikapanda kutero ndi pamene mumapeza mabungwe awiri m'mudzi umodzi, lina likuti mbuzi ndi zopatsirana ikaswa upereke kwa mnzako, lina likugawa mbuzi zaulere opanda lamulo lililonse, lina pa msonkhano likupereka alawansi ndi fanta lina ayi, mapeto ake ife alangizi tikaitanitsa anthu ku munda wachitsanzo amayamba afunsa kuti "kuli kenakake?" Ichi chimatipweteka kwambiri, ndipo mu ripoti la bungwe simudzachipeza.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa kawerengedwe. Malipoti ambiri amawerenga zomwe zagawidwa, anthu angati aphunzitsidwa, mbewu zingati zaperekedwa. Chimenecho si chipatso cha ntchito. Tengani nthochi. Tonse tikudziwa mmene matenda a chisaka anathera nthochi ku Thyolo ndi kuno, moti zogulitsa m'misika zinayamba kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Bungwe likanena kuti lagawa ana a nthochi opanda matenda, inu pakatha chaka pitani m'minda ndi kope, werengani mapando omwe ali moyo ndi omwe abereka, yang'anani masamba ngati sakupanikizana pamwamba ali chilili ngati tsache. Yang'ananinso kuseri kwa malire, ngati neba sanazule zitsa zake zodwala ndiye kuti nsabwe zija zomwe zimafalitsa matendawa zingodumpha, ndipo pulojekiti yonse yapita ngakhale pa pepala yakhoza. Kope limenelo muyambe kulilemba ntchito isanayambe, banja lakuti limakolola matumba angati, chakudya chimatha mwezi uti, ana angati ali pa sukulu. Popanda poyambira simungadziwe ngati mwasuntha. Kaundula wa opindula naye kope lake lizitsala kwa a mfumu ndi kwa mlembi wa VDC, osangoti bungwe latenga lonse. Ndipo muone maina ali mmenemo, kuno ambiri ndi a chikamwini, munda ndi wa mayi, nde ngati alemba abambo okhaokha, banja likatha bambo nkupita kwawo, zipangizo zimapita ndi ndani?

Za msika nazo musamangomva malonjezo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Alimi a nandolo akukumbuka 2017 pomwe dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kwawo mitengo nkugweratu, anthu matumba ali mbwee m'nyumba. Akati limani chakuti tidzakupezerani ogula, funsani wogulayo ndi ndani, kalata ya mgwirizano ili kuti, akapanda kubwera mbewuyo tingadye kapena kugulitsa pa Chitakale kaya pa Luchenza?

Za ndalama ndingoti muli ndi ufulu wofunsa kuti bajeti ya dera lanu ndi zingati ndipo yofika m'mudzi ndi zingati. Ena amayankha, ena amazemba, kuzembako nako muzikulemba.

Nanga eni ndalama akachoka? Mjigo wa Afridev umafuna timalabala tosintha pafupipafupi ndi ma rodi, ndiye komiti ya madzi ikhale ndi thumba lake, idziwe makaniki wa m'dera ndi sitolo yomwe zipangizo zimapezeka, izi zichitike mjigo usanakumbidwe nkomwe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mapaipi, milatho ndi minda kuno, ndipo funso linali loti akonze ndani, ndi ndalama za ndani. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja mwadzidzidzi, ntchito zambiri zinaima pakati osatsanzika nkomwe. Nde tsiku loyamba lenilenilo pemphani kuti alembe papepala, pulojekiti itha liti, katundu adzasiyidwa m'manja mwa ndani, mlangizi wa boma wa ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) alowetsedwa pati.

Tsiku lomwe ounika abwera, musalole kuti wogwira ntchito wa bungwelo asankhe yekha minda yoti akaone, apititseniko ndi komwe zinakanika. Amayi akhale pagulu lawo, achinyamata pawokha, chifukwa pamaso pa a mfumu ndi alendo ambiri sangatsutse. Ena amaopa kuti tikanena zoona thandizo lisiya, koma ounikawo nthawi zambiri amalembedwa ntchito padera ndipo maina a olankhula sayenera kulowa mu ripoti, ngati mukukayika afunseni asanayambe. Pomaliza a tcheyamani a VDC apemphe kuti zotsatira zidzabwerenso m'mudzi m'Chichewa, ndipo tsiku lake lilembedwe mu maminitsi.