Bodi ya galimoto musaikhazike pa njerwa

Inu amene mukudzutsa magalimoto akale pakhomo, kaya ndi Hilux ija inasiyidwa pansi pa mtengo wa mango, kaya Land Rover Series, kaya ka Beetle kaja ku Uitenhage, ku South Africa, anasiya kupanga mu 1979, imakwana nthawi yoti bodi ichoke pa chasisi (chimango chachitsulo chapansi chomwe bodi imakhalapo) basi, chifukwa dzimbiri loopsa limabisala pakati pa ziwirizi pomwe burashi siifika. Kumasula mabawuti aliyense amatha. Koma pokweza ndi posunga ndi pamene anthu amathyokera miyendo, ndiponso ndi pomwe bodi yabwinobwino imapindika osabwereranso mwakale.

Muyambe mwadziwa kaye galimoto yanu. Corolla, Vitz, Sienta ndi anzake ilibe chasisi chapadera, bodi yomweyo ndiye chasisi, ndiye palibe chochotsa. Land Rover Series ndi yokoma chifukwa bodi yake imaphwasulidwa zidutswa, denga palokha, mapiko (zophimba mateyala akutsogolo) paokha, beseni lakumbuyo palokha, anthu awiri atatu mumanyamula ndi manja. Hilux mumachotsa beseni kenako kabu. Beetle ndiye bodi yonse imachoka nthawi imodzi kusiya pansi pake ndi injini ndi mateyala.

Musanagwire jeke, limbitsani bodi. Apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri mumadumpha. Bodi ikakhala pa chasisi imaoneka yolimba, koma ngati zitsulo za m'munsi mwa zitseko zadyeka, makamaka pa Beetle pomwe pamadutsa mpweya wa hita, chimene chikuigwira ndi chasisicho. Mukangoikweza pakati pamagwa, mipata ya zitseko imasintha, ndipo mudzazindikira patapita chaka mutapenta kale kuti chitseko sichikutsekeka. Ndiye itanani wa weloding'i, agule sikweya chubu ya 25 mm, awotcherere chopingasa pa khomo lililonse la chitseko, china kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo, china chamtanda. Asawotcherere ngati akumanga geti ayi, timadontho tolimba tokwanira kudzadula ndi gulayinda pambuyo pake. Izi zichitike galimoto ili pamalo a levulo, zitseko zikutsekekabe bwino, ndipo yezani ndi tepi kuchokera kona kufika kona mulembe mu kope. Thanki ya petulo ndi batire zikhale zitachoka kale moto wa weloding'i usanayatsidwe, izi sizokambirana.

Kenako ipepukitseni. Mipando, magalasi, boneti, zitseko ngati mwalimbitsa makomo, zonse pansi. Muzungulire kufufuza chilichonse cholumikiza bodi ndi chasisi: siteling'i, mapaipi a buleki ndi a mafuta, kebulo ya handibuleki, ya sipidomita, mawaya, ndi kawaya ka earth kaja kamene aliyense amakaiwala. Jambulani ndi foni chilichonse musanamasule. Mabawuti muziika m'timapepala tolemba kuti ili lachokera pati, osati kuthira onse m'chitini chimodzi, miyezi 8 ikadutsa simudzakumbuka. Bawuti lokana lithireni mafuta ofewetsa dzimbiri ligone, mawa lidzamasuka. Mukayamba kukweza nkuona kona imodzi ikukana, imani, pali bawuti latsala, nthawi zambiri labisala pansi pa kapeti kapena matope ouma. Osakakamiza.

Tsopano pokweza. Ndimaona anthu akuponya chingwe pa mtanda wa denga la galaja nkukoloweka tcheni buloko, chida cha tcheni chokwezera zolemera. Abale, denga lija analimangira kunyamula malata basi, mitengo yake ndi ya bulugama kapena timatabwa ta paini tokhomedwa ndi misomali, mwinanso chiswe chinalowamo kale mkati inu osadziwa. Tcheni buloko ya tani 1 ndi yokwanira ndithu kukweza kabu yopanda kanthu, vuto ndi pomwe mwaikoloweka. Ngati mukufuna kukweza kuchokera m'mwamba wotcheretsani chimango chachitsulo choima pachokha, cha miyendo yotambalala, ndipo mangani ndi malamba osati tcheni kapena chingwe cha sisalo, malambawo adutse malo olimba, asafinye denga kapena m'mphepete mwake.

Njira yotsika mtengo ndi ya jeke ndi mitanda iwiri yolimba, yaitali kuposa m'lifupi mwa galimoto. Mumakweza kutsogolo pang'ono, kulowetsa thabwa, kupita kumbuyo kukweza pang'ono, kulowetsa thabwa, choncho choncho masentimita 5 kapena 10 nthawi imodzi mpaka mtanda utalowa pakati pa bodi ndi chasisi, kenako mumakweza mitandayo kumapeto kwake mpaka chasisi chitha kukankhidwa kutuluka pansi. Pakati pa jeke ndi bodi pazikhala thabwa lofalitsa kulemera, apo ayi jeke iboola pansi. Ena amangoitana anyamata 6 kunyamula ndi manja, pa Beetle yopepukitsidwa zimatheka, koma wolamula akhale mmodzi yekha, pokaikhazika pakhale pokonzeka kale, ndipo pasakhale wolawa kachasu kuti apeze mphamvu. Dzanja kapena mutu pakati pa bodi ndi chasisi, ayi. Jeke ya mafuta imatsika yokha sili (kalabala kotsekera mafuta) ikatha, ntchito yake ndi kukweza, yogwirizira ndi ina.

Pokhazika ndi pomwe pali nkhani ya njerwa. Njerwa zowotcha ndi mabuloko a simenti sizichenjeza, thabwa limayamba lalira kaye koma njerwa imangophulika kamodzi, makamaka chitsulo chikaitsamira pamalo amodzi. Gwiritsani ntchito ma axle stand (miyendo yachitsulo yogwirizira galimoto) olembedwa kulemera komwe amatha, kapena mahatchi achitsulo (mtanda wokhala pa miyendo inayi), kapena matabwa okhuthala osanjikizidwa mopingasana ngati mulu wa nkhuni. Migolo ya malita 200 anthu amaikonda, imanyamula ikaima chilili pa simenti ya levulo ndi thabwa pamwamba, koma ya dzimbiri kapena yopindika musaiyese, ndipo padothi mvula ikagwa mgolo umodzi umatitimira zonse nkupendekeka. Bodi itsamire pamalo pomwe pamalowa mabawuti a chasisi, malo 4 kapena kuposa, osati pansi popyapyala. Chasisi chikatuluka itsitseni, palibe chifukwa chokhalira m'mwamba miyezi yonseyi, ndipo imangeni ndi lamba ku mitandayo. Igwedezeni mwamphamvu ndi manja muli pambali, ikasuntha konzaninso, chifukwa ana adzalowa pansi pake kusewera, mukawaletsa kapena ayi.

Ngati ndalama ilipo pangitsani kangolo ka chitsulo ka mateyala ang'onoang'ono okhala ndi loko, muzitha kuikankhira pakona.

Posunga mdani ndi chinyezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chitsulo chopalidwa chimachita dzimbiri m'masiku ochepa, ndiye musapale bodi yonse ngati penti mulibe, palani pomwe mupake tsiku lomwelo. Pulayima wa gileyi wamba amamwa chinyezi, dzimbiri limayambira pansi pake, wabwino posunga nthawi yaitali ndi epoxy primer. Pepala lakuda la pulasitiki musakutire nalo, limachita thukuta usiku madzi nkumadonthera m'makona, bola nsalu yakale kapena mashiti, mpweya uzidutsa. Onaninso malata ngati sakudontha pamwamba pake.

China chomwe chimachitika m'magalaja athu, momwemo ndi mosungira matumba a feteleza ndi chimanga. Feteleza, makamaka urea, amakoka chinyezi ndipo fumbi lake limadya chitsulo, chimanga chimaitana makoswe, makoswe amatafuna mawaya ndi siponji ya mipando. Zipezereni malo ena, mawaya onse muwasunge mu mgolo wotseka. Ndipo bodi isasanduke shelefu, kuika makatoni ndi mateyala padenga pake kumasiya mabampu omwe adzakudyerani filala (phala lomatira mabampu) wambiri.

Kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi kamene kali pa bodi musakachotse kapena kukapala ndi gulayinda, kaphimbeni ndi tepi popenta, chifukwa ku Road Traffic adzafuna nambalayo igwirizane ndi ya mu blue book. Matabwa omwe ali pansi muziwayendera mwezi ndi mwezi, mukaona timizere ta dothi ta chiswe sinthani tsiku lomwelo, mutayamba mwagwiriziza bodi ndi china.