Kugawa ndalama ya zokolola kuti ifike mu Febuluwale

Munthu wapantchito amalandira pakutha pa mwezi uliwonse, ndipo akalakwitsa mu Meyi amakonza mu Juni. Mlimi alibe mwayi umenewo. Ndalama ya soya, mtedza kapena fodya imabwera kamodzi, pakati pa Epulo ndi Ogasiti, koma iyenera kugula mchere, kulipira fizi, kugula feteleza ndi kupititsa wodwala kuchipatala mpaka mudzakololenso. Makomo ambiri amene galu wakuda amawapeza mu Febuluwale si kuti sanakolole ayi. Anakolola, koma ndalama inalowa m'thumba isanapatsidwe ntchito, ndipo ndalama yotero simachedwa kupeza njira yotulukira.

Musanagulitse kanthu, yambani ndi chimanga. Musafunse kwa mnansi kuti banja limadya matumba angati pachaka, chifukwa makomo amasiyana. Tsegulani thumba limodzi la makilogalamu 50, lembani tsiku, ndipo likatha lembaninso. Ngati latha pa masiku 20, gawani masiku 365 ndi 20: mupeza matumba 18 ndi pang'ono. Onjezerani awiri kapena atatu a alendo, maliro ndi aganyu opalira. Matumba amenewo sagulitsidwa, ngakhale venda atabwera ndi sikelo pakhomo. Chimanga chimatsika mtengo pokolola chifukwa aliyense akugulitsa, ndipo chimakwera mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zauma. Wogulitsa chakudya chake mu Meyi amadzagula chimanga chomwecho, mwina kwa venda yemweyo, pa mtengo wolira nawo.

Chimanga chosungidwacho ndi ndalama, choncho chisamalidwe ngati ndalama. Chiume bwino mpaka njere izithetheka mukailuma. Ngati mukugwiritsa ntchito matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki mkati osalowa mpweya, finyani mpweya, mangani pulasitiki yamkati iliyonse payokha, ndipo musamatsegule pafupipafupi, chifukwa chimene chimapha anankafumbwe ndi kusowa kwa mpweya. Pulasitiki ikabooka ndi khoswe kapena msomali, thumbalo lasanduka wamba. Ngati mukuthira mankhwala a Actellic, tsatani muyezo wolembedwa pa botolo. Kuchepetsa mankhwala pofuna kuti akwanire matumba ambiri ndiko kudyetsa anankafumbwe. Matumba akhale pa thandala, asagunde khoma.

Kenaka khalani pansi, bambo ndi mayi limodzi, ndi kope lakale la mwana wasukulu. Mfundoyi ambiri amaipeputsa. Bambo amadziwa mtengo wa feteleza, koma amene amadziwa kuti chigayo, sopo, mchere ndi mafuta ophikira zimadya zingati pamwezi ndi mayi. Bajeti yolembedwa ndi munthu mmodzi imakhala ndi mabowo, ndipo wosafunsidwayo sakhala ndi chifukwa choitsatira. Lembani miyezi yonse kuyambira Juni mpaka Meyi, ndipo pa mwezi uliwonse ikanipo zimene mukudziwa kale kuti zidzafuna ndalama: fizi, yunifomu ndi makope mu Seputembala, mbewu ndi feteleza mu Okutobala, aganyu mu Disembala ndi Januwale, fizi ya teremu yachiwiri mu Januwale momwemo, matumba ndi ngolo yotutira mu Epulo ndi Meyi. Mukayang'ana tsambalo muona kuti miyezi yofuna ndalama zambiri ndi yomwe ilibe cholowa.

Tiyerekeze kuti mwagulitsa soya ndi mtedza n'kupeza K1,200,000. Tsiku lomwelo, musanalowe mumsika, igaweni. Mwachitsanzo, K480,000 ya zipangizo za ulimi, K240,000 ya sukulu, K240,000 ya zapakhomo, yomwe ndi K20,000 pamwezi, K120,000 ya zadzidzidzi, ndipo K120,000 yotsala ya zimene mtima ukufuna, kaya chitenje, nsapato, nyama kapena malata awiri. Manambalawa musinthe malinga ndi khomo lanu, koma gawo lomalizali musalichotse. Banja lomwe lalima chaka chonse likamanidwa ngakhale kilogalamu ya nyama, bajeti imaphwanyidwa mobisa sabata yoyamba. Chofunika n'chakuti gawolo likatha, latha.

Nkhani yovuta ndi ya kumene mungasunge gawo lililonse, chifukwa kwacha yosungidwa nthawi yaitali imatha mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anakumbatira ndalama ya feteleza kudikira mvula anapeza kuti sikukwananso matumba amene anawerengera. Ndiye ndalama ya zipangizo isagone: gulani feteleza mu Julayi kapena Ogasiti kwa ogulitsa ovomerezeka, tengani lisiti, ndipo onetsetsani kuti thumba ndi losokedwa kufakitale. Ikani pa thandala m'chipinda chosadontha. Feteleza wa Urea amakoka chinyezi n'kuuma ngati mwala, choncho asatsegulidwe nthawi yake isanakwane. Ngati mukuyembekezera zipangizo zotsika mtengo za boma, sungani ndalama yokawombolera, komabe musamange ulimi wonse pa dzina lomwe simunalione pa mndandanda.

Ya zadzidzidzi ndi ya zapakhomo iyenera kupezeka msanga koma isakhale pafupi kwambiri ndi dzanja. Ya pansi pa mphasa imadyedwa ndi chiswe ndi makoswe, imapsa ndi nyumba, ndipo koposa zonse imabwerekedwa ndi mwini wake yemwe. Airtel Money kapena TNM Mpamba zimathandiza, bola mukumbukire kuti potapa paliponse amadula kangachepe. Kutapa K2,000 kakhumi kumadya zambiri kuposa kutapa K20,000 kamodzi, choncho sankhani tsiku limodzi pamwezi. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo musauze ejenti kuti akulembereni. Wina akaimba kuti watumiza ndalama molakwika mumubwezere, yambani mwaona nokha ndalama zomwe zili mu akaunti. Uthenga wonamizira ndi wosavuta kulemba. Vuto lina la ndalama ya pafoni ndi lakuti mayunitsi, mabandulo ndi kubetcha zili pompo, pa mabatani omwewo. Amene amadziwa kuti dzanja lake ndi lopepuka, ndalama ya fizi aike ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena kubanki, kumene kutapa kumafuna ulendo. Funsani ngati SACCO yo ili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi.

Banki mkhonde ndiyo njira imene ili pafupi ndi anthu ambiri, ndipo ikayendetsedwa mwa malamulo ake imagwira ntchito. Gulu likhale la anthu odziwana, 15 mpaka 25. Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, wosunga bokosi akhale wachinayi wopanda kiyi, ndipo ndalama ziwerengedwe mokweza pamaso pa onse. Pa msonkhano uliwonse munthu amagula masheya kuyambira imodzi mpaka asanu, ndipo thumba la zadzidzidzi limakhala palokha. Ubwino wake waukulu si chiwongoladzanja ayi, koma manyazi: munthu safuna kufika pagulu chimanjamanja, ndiye amasunga ngakhale sabata yovuta.

Magulu amagwa pa ngongole. Ngati chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, K50,000 imabala K10,000 mwezi uliwonse. Geni ya mandasi, tomato kapena usipa imene imazungulira sabata ndi sabata ingathe kubweza zimenezo. Chimanga chomwe chidzakololedwe patatha miyezi isanu sichingathe, ndipo ukwati kapena Khirisimasi sizibweza kalikonse. Ngongole isapitirire katatu ka masheya a wobwerekayo, ndipo ibwezedwe pasanathe miyezi itatu. Lamulo limene magulu ena amaika, lokakamiza membala aliyense kubwereka kuti bokosi libale, ndi loipa. Limapatsa ngongole munthu amene alibe chochita nayo. Ndipo mukaona munthu ali m'magulu atatu, akubwereka uku kuti akabweze uko, dziwani kuti mapeto ake ndi kulandidwa malata ndi ziwiya.

Pali chinthu chimodzi chimene gulu lingasinthe popanda kulipira kanthu: mwezi wogawana. Magulu ambiri amaswa bokosi mu Disembala. Nthawi imeneyo mbewu zadzalidwa kale, feteleza wokulitsa wachedwa, ndipo msika wadzaza zovala za chikondwerero. Gwirizanani kuti chaka cha gulu chizitha kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, kuti ndalama igwere pa mbewu ndi feteleza.

Ziweto nazo ndi nkhokwe ya chuma. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndipo siitsika mphamvu pamodzi ndi kwacha. Koma gulitsani mukadali ndi mpata wokana mtengo; mu Januwale aliyense amakhala akukoka mbuzi kupita kumsika, ndipo ogula amadziwa kuti mwapanikizika. Nkhuku zopanda katemera wa chitopa si chuma chodalirika, zimatha khola lonse pa sabata imodzi. Katemera wa I-2, wa dontho limodzi m'diso, abwerezedwe miyezi itatu kapena inayi iliyonse.

Tsopano za timabowo ting'onoting'ono. Kwa mwezi umodzi lembani chilichonse chotuluka, ngakhale K200 ya zitumbuwa, madzulo aliwonse musanagone. Musadzudzulane, ingolembani. Pakutha pa mwezi phatikizani za mtundu umodzi. K1,000 ya mowa kapena kubetcha tsiku lililonse ndi K30,000 pamwezi, K365,000 pachaka. Yerekezani nokha ndi mtengo wa thumba la feteleza kwanuko. Kugula shuga wa m'timapepala ndi mafuta a m'timachubu tsiku ndi tsiku nako kumadula kuposa paketi kapena botolo lathunthu, ngakhale sikupweteka pogula. Mchere, sopo ndi machesi siziwonongeka, ziguleni zambiri ndalama ikadalipo. Shuga yekha samalani, akachuluka m'nyumba amathanso msanga.

Za achibale ndi maliro sitinganene kuti muzikana, chifukwa mawa ndinu. Ikani malire pa gawo la zadzidzidzi, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mugwirizane awirinu kuti wopempha aziyankhidwa mutakambirana. Mawu akuti “ndiyambe ndafunsa mayi akunyumba” kapena “bambo akabwera tikuuzani” amapereka tsiku loganiza, ndipo salakwira munthu.

Katapila musamuyandikire. Wobwereka K20,000 mu Januwale kuti adzabweze K30,000 kapena K40,000 pakutha pa mwezi, kapena kuti adzapereke matumba pokolola, wagulitsa zokolola zake zikadali m'munda pa mtengo wotaya, ndipo chaka chotsatira amayamba ndi dzenje. Ngati muli kale m'ngongole yotere, ikhale yoyamba kubwezedwa tsiku logulitsa, musanagawe china chilichonse, ndipo pobweza pakhale mboni ndi pepala losainirana. Zotsalazo ndizo muzigawe monga tafotokozera, ngakhale zitachepa bwanji, kuyambira ndi matumba a chakudya ndi mbewu.