Mmene tinapezera chilolezo chojambula filimu ya kusukulu mumsika wa Limbe

Tikangoimika kamera, ogulitsa ankatiunjirira, wina n'kukaitana mkulu wa msika, kujambula n'kuthera pomwepo. Zinachitika kawiri, ndipo olakwa tinali ife. Koyamba tinadalira ziphaso za kusukulu. Kachiwiri tinangogwirizana pakamwa ndi mayi wina wa tomato, kuiwala kuti mawu ake amathera pabenchi pake.

Chinathandiza ndi kalata yodinda ya mkulu wa dipatimenti yathu yopita ku khonsolo ya mzinda, poti misika ili m'manja mwa khonsolo. Kalata yongoti ophunzira akufuna kujambula simupita nayo patali. Lembanimo tsiku, maola (ife tinapempha 6 mpaka 9 koloko m'mawa, anthu asanadzaze), mzere weniweni wa mumsikamo, mayina a onse obwera, zipangizo, komanso chidule cha nkhani cha tsamba limodzi chosonyeza kuti si zandale kapena zamalonda. Pangani makope 3.

Komatu chidindo chokha sichikhazika anthu mtima pansi. Kutatsala masiku 2, tengani kope mukaonane ndi mkulu wa msika pamodzi ndi tcheyamani wa ogulitsa, kuti iwowo auze anthu awo. Apa m'pamene zinasinthira: tsiku lojambula tcheyamani yemweyo ndiye ankapatutsa anthu. Woonekera nkhope aliyense asayine pepala lovomera, lolembedwa m'Chichewa.

Ngati mufilimumo muli mfuti yoseweretsa kapena yunifolomu yonga ya apolisi, dziwitsaninso apolisi. Ndalama zinapita ku mafotokope, minibasi, ndi tomato yemwe tinagula kwa mayi uja pomutsekera benchi maola 3.