Zoyenera kuchita wina m'banja akaganiziridwa kuti ali ndi mpox

Munthu woyamba kupezeka ndi mpox, nthenda ya matuza yoyambitsidwa ndi kachilombo, anali wa m'dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo mu 1970, koma mtundu watsopano wa kachilomboka utafala kum'mawa kwa dzikolo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu Ogasiti 2024 kuti nthendayi ndi chiopsezo ku mayiko onse. Ku Malawi odwala oyamba anapezeka ku Lilongwe mu Epulo 2025.

Mukaona matuza pathupi pa wina, musathamangire kunena kuti ndi katsabola. Mpox nthawi zambiri imayamba ndi kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi ndi mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, kenako matuza amatuluka kumaso, m'zikhatho, kumapazi, m'kamwa ngakhale kumaliseche. Pitani naye kuchipatala matuzawo ataphimbidwa ndi chovala, popeza ndi achipatala okha amene angatsimikize atayeza madzi a m'matuzamo.

Akauzidwa kuti akachirire kunyumba, ntchito yaikulu ili pa zogonera. Wodwala akhale ndi mphasa yake, bulangete lake, chitenje, mbale ndi kapu zakezake, ndipo womusamalira akhale mmodzi, makamaka amene si woyembekezera. Zofunda zake musazikutumule monga timachitira m'mawa poyalula, chifukwa tinkhanambo touma timauluka ndi fumbi. Zipindeni pang'onopang'ono, muzichape pazokha ndi sopo ndi madzi otentha, kenako musambe m'manja bwinobwino. M'nyumba ya chipinda chimodzi izi n'zovuta, komabe ngakhale kutchinga ndi nsalu n'kutsegula mawindo kumathandiza.

Matuza asaboolidwe kapena kukandidwa, ndipo musapakepo phulusa kapena zitsamba. Panado amachepetsa ululu, pomwe kuchukucha madzi a mchere kumathandiza zilonda za m'kamwa kuti wodwala athe kumwa phala. Kugonana kuyambe kwalekeka.

Wodwala amakhala akupatsirabe ena mpaka nkhanambo zonse zitagwa ndi khungu latsopano litamera, zomwe zimatenga masabata awiri mpaka anayi. Onse amene anakhudzana naye adziyang'anire kwa masiku 21, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe. Ngati wodwala ndi khanda, mayi woyembekezera kapena munthu yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, kapenanso ngati matuza afika m'diso kapena akulephera kumeza, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.